Maitanidwe anga anathera ku Mchengautuba

Ndikauza munthu kuti Mulungu anandiitanira ntchito ya umishoni, mafunso amene amatsatira ndi awiri, ndipo sasintha: "Ndiye mukupita dziko liti?" komanso "Akukuthandizani ndi azungu akuti?" Ndikayankha kuti sindikupita kulikonse, kuti anthu anga ndi anyamata ndi atsikana a zaka zapakati pa 13 ndi 19 a ku Mchengautuba, Chibavi ndi Zolozolo konkuno ku Mzuzu, ndipo palibe mzungu amene amanditumizira ngakhale tambala, nkhope ya wofunsayo imagwa. Ena amamwetulira mwaulemu n'kuti, "Oo, mukunena za Sande sukulu." Sindiwakwiyira. Tonse tinakula tikudziwa kuti mmishonale amachokera kutsidya kwa nyanja, amayenda pa galimoto ya matayala akuluakulu, ndipo amalalikira m'Chichewa chopindika chimene timachiwombera m'manja ngakhale theka lake sitinalimve.

Ine kwathu ndi ku Dedza. Ndinakulira mu CCAP ya sinodi ya Nkhoma, ndipo chinandibweretsa ku Mzuzu ndi ntchito ya m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba. Ubusa sindinaphunzire, kolala sindivala. Kuyambira Lolemba mpaka Loweruka masana ndimawerengera anthu malata, misomali ndi matumba a simenti.

Anthu amakonda maitanidwe okhala ndi loto kapena mawu omveka pakati pa usiku. Anga analibe zimenezo. Anayamba ndi kuwerenga mitu m'tchalitchi, chizolowezi cha munthu wa m'sitolo. Ana a Sande sukulu ankadzaza mpaka ena kukhala panja pa udzu. Amayi a Umanyano, amene kwathu timati a Chigwirizano, ankatenga mbali yonse. Madodana, gulu la abambo a mumpingo, analipo, akutsokomola mwaulemu kutsogolo. Koma pakati pa mwana wa Sitandade 7 ndi mnyamata wofuna kudalitsa ukwati panali mpata waukulu. Mwana amalowa kalasi, amaloweza katekisimu, amayankha mafunso pamaso pa akulu a mpingo, amadya mgonero wake woyamba, kenako zii. Otsala ochepa amakhala a kwaya. Enawo timadzawaonanso akabwera kudzalapa mimba, kapena tikaitanidwa kukayendetsa mwambo wa maliro awo.

Mpata umenewu unandikhala pakhosi kwa nthawi yaitali. Ndinkaudandaula paliponse, mpaka mkulu wina wa mpingo, mphunzitsi wopuma wa tsitsi loyera, anatopa nane. Anandiitana kunyumba kwake, mayi a kunyumba kwakeko anatiikira tiyi ndi chinangwa chophika, ndipo iye anangoti, "Mwana wanga, chinthu chikakusowetsa tulo pamene anzako onse akugona bwino, usasake mwini wake. Mwini wake ndiwe." Samueli uja anamva kuitana katatu koma sanadziwe woitanayo, anachita kumasuliridwa ndi Eli, nkhalamba imene maso ake anali atachita chidima. Ndimakayikira maitanidwe amene palibe munthu wina aliyense mumpingo akuwaona kupatula mwini wake. Ngakhale Paulo ndi Barnaba sanangonyamuka okha ku Antiokeya. Mpingo unasala kudya, unapemphera, unawaika manja, ndiye anapita.

Ndinamuuza mkuluyo kuti ngati ndi umishoni, mtima wanga unali kutali, ku Mozambique kapena kwina kumene dzina la Yesu silidziwika. Anaseka, n'kundifunsa ngati ndinamvapo za William Koyi. Madzulo amenewo ndinaphunzira mbiri imene kwathu sitiidziwa bwino, ndipo pambuyo pake ndinaifufuza ndekha.

Amishoni a Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima yotchedwa Ilala, Dr Robert Laws ali m'gulumo. Pofika 1881, pamene ankasamukira ku Bandawe, anali atasiya manda asanu a anzawo, ndipo wobatizidwa anali mmodzi yekha, Albert Namalambe. Lipoti lotere mutalitumiza lero kwa opereka ndalama, pulojekiti ingatsekedwe mwezi womwewo. Koyi anabwera mu 1876. Sanali mzungu. Anali Mxhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, mmodzi mwa anyamata anayi amene anadzipereka kubwera kuno. Chifukwa chilankhulo chake chinkamvana ndi Chingoni, ndiye anatsegula njira kwa Angoni a Inkosi M'mbelwa, n'kukakhala ku Njuyu. Kwa zaka zingapo mafumu anakaniza sukulu. Chimene chinkachitika n'chakuti anyamata ochepa, mwa iwo Mawelera Tembo ndi m'bale wake Makara, ankazemba usiku kubwera kumishoni kudzaphunzira kuwerenga. Chilolezo cha sukulu chinabwera mu 1886, chaka chomwecho Koyi anamwalira. Mawelera ndi Makara anabatizidwa mu 1890, Koyi ali kale m'manda. Mawelera anadzakhala mlaliki ndi wopeka nyimbo za mumpingo.

Taganizani: mpingo waukulu wonsewu wa ku Mzimba, Ekwendeni ndi Embangweni, poyambira pake panali munthu wakuda, mlendo, atakhala usiku ndi anyamata owerengeka pa nyali. Ndipo anyamata a ku Livingstonia nawo atakula sanangokhala olandira. David Kaunda anatumidwa ku Chinsali pakati pa Ababemba kumayambiriro a zaka za m'ma 1900, anakhazikika komweko, ndipo mwana wake Kenneth, wobadwira ku Lubwa mu 1924, anadzakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia. Kumpoto kuno kunkatumiza amishoni kunja agogo athu asanabadwe. Kuti lero tikamva za umishoni tiziyang'ana ku bwalo la ndege, ndi chizolowezi chimene tachiphunzira posachedwa.

Mkulu uja anamaliza ndi mawu amene sanandikomere. Anati, "Iwe ukufuna kuwoloka malire a dziko, koma Chitumbuka sunachiwoloke."

Ananena zoona zowawa. Mu Mzuzu munthu angathe kukhala moyo wake wonse ndi Chichewa. Kumsika wa Zigwagwa akumva, pa depoti akumva, ana a m'tauni amasakaniza zilankhulo zitatu m'chiganizo chimodzi. Koma ukalowa m'nyumba ya agogo amene akulera adzukulu, nkhani ndi ina. Anthu achikulire kuno akukumbukira 1968, chaka chimene Chichewa chinakwezedwa kukhala chilankhulo cha dziko, Chitumbuka n'kuchotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, mpaka chinabwereranso pa wailesi mu 1994. Mchewa akamalowa pakhomo potere n'kuyamba kulangiza za mwana wa eni ake m'Chichewa, amalowa atasenza mbiri imeneyo, afune asafune. Ndinayamba kuphunzira. Chitumbuka changa n'chopunduka mpaka lero, ana amachiseka poyera, koma agogo akamva "monire amama" kenako n'kuona kuti ukupitiriza kuvutikira m'chilankhulo chawo osathawira ku chako, amakukokera mpando. Pamenepo ndinawamvetsa azungu a Chichewa chopindika aja.

Mzinda uno ndi wachichepere. Unayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung m'ma 1947, unakhala mzinda mu 1985, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 220,000. Kalembera yemweyo anaonetsa kuti pafupifupi theka la Amalawi onse sanakwane zaka 18. Ukayenda ku Mchengautuba Loweruka masana sufunanso kalembera, ana ali ponseponse, m'tinjira toterera tapakati pa nyumba, pamijigo, m'mashedi oonetsa mpira. Ambiri a iwo makolo awo ali moyo koma kulibe. Bambo ali ku Joni, mayi anatsatira, mwana watsala ndi agogo kapena ndi mlongo wake wamkulu amene nayenso ndi mwana. Ndalama zimabwera pa foni, nthawi zina ndi nsapato zokongola za pa Khirisimasi. Chimene sichibwera ndi munthu womufunsa kuti wachedwa kuti. Uwu ndi umasiye wa mtundu wina umene sulembedwa m'kaundula wa ana amasiye, chifukwa mwanayo akuoneka wosamba, ali ndi foni yogwiragwira, ndipo mpingo umamuyesa wa pabwino.

Akalemba mayeso a Sitandade 8, owerengeka amasankhidwa kupita ku sukulu zogonera komweko, ambiri ku ma CDSS, ena ku sukulu zamasana zolipira, ndipo enanso ulendo umathera pomwepo. Mnyamata wa zaka 15 amene dzina lake silinatuluke amadzuka m'mawa alibe kopita. Pali kabaza ngati wapeza womubwereka njinga. Pali kubetcha mpira, kumene kwalowa m'matumba a ana kudzera pa foni ndipo kumadya ndalama ya fizi mwakachetechete. Pali chamba ndi mowa wotchipa wa m'timabotolo. Zimenezi sindikuzinena ngati wolalikira pa maliro. Ndikungofuna kuti amene amati achinyamata a masiku ano ndi osamva adziwe kuti osamvawo amakhala ndi aphunzitsi ambiri sabata yonse, ife timangowafuna maola awiri Lamulungu.

Zimene timachita si zodabwitsa, mwina mukhumudwa nazo. Timakumana Loweruka masana ndikaweruka, pabwalo la sukulu ina ya pulayimale imene ahedi ake anatilola. Timayamba ndi mpira, anyamata wamiyendo, atsikana wamanja, ngakhale atsikana ena anakana kale zogawidwa motero ndipo amatchinga kumbuyo kuposa anyamata. Kenako timalowa m'kalasi n'kuwerenga Uthenga Wabwino wa Marko, kachigawo kamodzi, mokweza, aliyense vesi yake. Pamenepa m'pomwe umatulukira kuti wa Fomu 2 sakutha kuwerenga bwino, ndipo manyazi ake onse ndi mwano wake wonse gwero lake ndi limenelo. Sindilalikira. Ndimafunsa mafunso ndipo iwo amafunsa awo, ena oti abusa atawamva angatuluke thukuta. Ngati Mulungu ndi wachikondi, bwanji bambo anga ali ndi banja lina ku Joni? Kodi agogo anga akamavina vimbuza ndiye kuti ali ndi ziwanda? Mafunso ena ndimayankha, ena timasenza limodzi kupita nawo kwa abusa. Pomaliza timatulutsa mapepala a mayeso akale a MANEB, masamu makamaka. Mu Juni ndi Julayi, chifunga chikatsika ndipo kuzizira kwa Mzuzu kukalowa m'mafupa, mayi a kunyumba amabwera ndi ketulo ya tiyi. Ndikudziwa bwino kuti ena amabwerera tiyiyo. Abwere.

Malamulo tili nawo, ndipo okhwima kwambiri ndi okhudza ine. Sindikhala ndekha ndi mtsikana, kaya m'kalasi, kaya panjira, kaya pa foni usiku. Nkhani za atsikana amazisenza ndi mayi a kunyumba pamodzi ndi amayi awiri a Umanyano. Mwana asanakhazikike m'gulu timakaonekera kwawo kuti omulera atidziwe nkhope ndi kumene timakhala. Ndalama sitipatsa mwana m'manja, ngati pali vuto la fizi kapena yunifolomu limadutsa kwa madikoni ndi kwa kholo. Ndipo sitijambula ana n'kuwaika pa Facebook. Wina anandiuza kuti malamulowa akuonetsa kusakhulupirirana pakati pa Akhristu. Ndinamuyankha kuti m'dziko muno ana aonongedwapo ndi anthu onyamula Baibulo, otchedwa ankolo ngati mmene anawa amanditchulira ine, ndipo kholo limene likukayikira mwamuna wamkulu wokonda kukhala ndi ana a eni likuchita bwino. Maitanidwe enieni saopa kuyang'aniridwa.

Panali mnyamata wina, wamtali, waluso pa mpira, wa pakamwa pakuthwa. Tinkasonkha tindalama togulira mpira watsopano, ndipo anzake anamusankha kusunga. Tsiku logula litafika, iye sanafike. Ndalama zinali zitapita kobetcha. Anakhala milungu ingapo akutizemba, akandiona pa msewu wa ku Luwinga ankalowa m'kanjira. Akulu ena a mpingo atamva anati achotsedwe, angaononge anzake. Anzakewo anali okwiya kuposa akuluwo.

Nkhani ya Yohane Marko ndinali nditaiwerengapo kambiri, koma nthawi imeneyi ndinaimva mwatsopano. Marko anathawa pa ulendo woyamba wa umishoni wa Paulo ndi Barnaba, anabwerera ku Yerusalemu ntchito ili pakati. Pokonza ulendo wachiwiri Paulo anakana kumutenga, Barnaba anaumirira, ndipo anakangana mpaka kupatukana. Paulo sanali wolakwa kwenikweni, ntchito inali yoopsa ndipo munthu wothawa angakuphetse. Koma Barnaba anatenga mnyamatayo n'kupita naye ku Kupro, ndipo kuchokera pamenepo buku la Machitidwe silimutchulanso Barnaba. Anatuluka m'nkhani chifukwa cha mnyamata wolephera. Patapita zaka, Paulo yemweyo ali m'ndende akulembera Timoteo kuti abwere ndi Marko chifukwa ndi wothandiza pa utumiki. Aliyense amafuna kukhala Paulo. Ntchito ya achinyamata ndi ya Barnaba, ndipo amene akuifuna adziwiretu kuti dzina lake silidzamveka.

Ndinakamupeza mnyamata uja kwa agogo ake. Sindinamuuze kuti zilibe kanthu, chifukwa zinali ndi kanthu. Tinagwirizana kuti abweza, ndipo ndinamupezera ganyu youmba njerwa kwa kasitomala wathu wina amene ankamanga ku Nkhorongo. Anabweza zonse, anaima pamaso pa anzake n'kupepesa, mawu akunjenjemera. Mukuyembekeza kuti ndinene kuti lero ndi dikoni. Ayi. Mayeso a Fomu 4 sanakhoze, ndipo chaka chotsatira anakwera basi ya ku Joni kutsatira bambo ake. Nthawi zina amatumiza uthenga wa mawu pa WhatsApp, "Ankolo, ndilipo, muzindipempherera." Ngati amapita kutchalitchi, sanandiuze. Koma akafuna munthu woti amuuze zoona usiku wovuta, nambala imene amaimba ndi yanga.

Apa m'pamene ndimasiyana maganizo ndi abale anga okonda misonkhano ikuluikulu ya chitsitsimutso. Sindiitsutsa. Ndaonapo anthu atasinthika pa misonkhano yotere. Koma ntchito yanga ya m'sitolo inandiphunzitsa kuti konkire sauma ndi kuthira kokha. Tsiku lothira pamakhala anthu ambiri, phokoso, mawilibala, nsima ya amisiri. Kulimba kwake kumadalira munthu mmodzi amene azidzuka m'mawa uliwonse kukathirira madzi kwa masiku ambiri popanda womuonerera, apo ayi silabu imang'aluka. Timaitana mlaliki wotchuka, timabwereka zokuzira mawu, ana mazanamazana amakweza manja Loweruka usiku, timawerenga manjawo n'kulemba lipoti. Lolemba palibe amene akudziwa dzina la mmodzi wa iwo.

Nkhani ya atsikana ndi yolemera mwa njira ina. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa atsikana 100 alionse a zaka 15 mpaka 19, okwana 29 anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Ife tinazionera pafupi sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19 mu Malichi 2020. Mtsikana wathu wina wa Fomu 2, wanzeru pa sayansi, anapezeka ndi mimba. Kwawo anayamba kukamba za ukwati. Kwathu ku Dedza nkhani yotere ukadathamangira nayo kwa amalume, eni mbumba. Kuno mwana ndi wa kuchimuna, ndipo mawu olemera ali ndi abambo, abale awo, ndi azakhali, mlongo wa bambo. Amayi a Umanyano aja ndiwo anatiunikira khomo loyenera kugogoda, paja safunsa anadya phula. Anapita okha kwa azakhaliwo, anakhala pamphasa tsiku lonse. Anawakumbutsa kuti lamulo la dziko, kuyambira 2015 ndiponso pamene malamulo aakulu anasinthidwa mu 2017, silola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, komanso kuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka. Koma sindikhulupirira kuti malamulo ndiwo anagonjetsa azakhaliwo. Chinawagonjetsa n'chakuti mmodzi wa amayiwo anati khandalo azilisunga yekha m'mawa mtsikanayo akakhala m'kalasi, ndipo anachitadi.

Mpingo unamuimitsa mgonero monga mwa mwambo. Mwambo sindikuutsutsa, tchimo ndi tchimo. Chimene chimandiwawa n'chakuti mimba imaoneka pa mtsikana yekha. Iye anakhala kumbuyo miyezi yonse ija anthu akumuloza ndi maso, pamene mwamuna amene anamupatsa, munthu wamkulu wa bizinezi yake, sanaitanidwe ndi bwalo lililonse la mpingo chifukwa amapemphera kwina. Nkhani yake inakafika kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, ndipo kumeneko n'kumene inayenera kupita. Ndinaphunzira kusunga m'foni nambala ya 116 ya Tithandizane, yothandiza ana, ndi kudziwa njira ya ku St John of God, kumene kuli akatswiri a matenda a maganizo. Mnyamata akakuuza kuti akuganiza zodzipha, umapemphera naye, inde, kenako umamugwira dzanja kupita naye kwa odziwa. Kumuuza kuti angolimba m'chikhulupiriro n'kumusiya apite yekha kunyumba ndi ulesi wovala zauzimu.

Mtengo wake ulipo, ndisakunamizeni. Loweruka masana ndi nthawi imene anzanga amapita kumaukwati, kumaliro a kumudzi kapena kukayang'anira pulot yawo. Ana anga enieni anandifunsapo chifukwa chake ana a eni amadya tiyi wathu shuga atakwera mtengo chonchi, makamaka kwacha itagwa mu Novembala 2023. Ndinawayankha kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma ndinaona kuti mwambiwo sunawakhutitse, ndipo kuyambira pamenepo Lamulungu masana ndi lawo, foni ndimazimitsa. Munthu angathe kupulumutsa ana a mzinda wonse ake akusanduka amasiye m'nyumba.

Mnzanga wina wodziwa kulemba mapulopozo anandilangiza kuti tilembetse bungwe. Anati ndi zithunzi zabwino ndi nkhani ngati ya mtsikana uja, thandizo la kunja silingavute, mwinanso galimoto. Ndinaganizira kwambiri, pakuti mipira imatha, mabuku ndi ochepa, ndipo mabungwe ena akugwira ntchito yabwino mumzinda muno. Koma ndaona chimene alawansi yachita kwa achinyamata athu. Ukawaitana ku msonkhano funso loyamba ndi lakuti kuli zingati, ndipo amene wazolowera kulipidwa kuti amve za moyo wake samvanso ulere. Ndinaopanso kuti tsiku limene ndalama ya kunja idzalowa, mpingo wathu udzapumira m'mwamba n'kunena kuti za achinyamata zili ndi eni ake. Mpingo womwewu umatha kusonkha mamiliyoni pa Paper Sunday imodzi kuti tigule matailosi kapena galimoto ya abusa. Ndalama zilipo. Chimene sitinazolowere ndi kulipirira ntchito imene siioneka ndi maso, yopanda mwala wa maziko wolembapo dzina la mlendo wolemekezeka. Ndinapita ku seshoni, bwalo la akulu a mpingo, kukapempha kuti ntchitoyi ikhale ndi mzere wake mu bajeti ya mpingo. Anakambirana nthawi yaitali, ena akuti achinyamata ali kale ndi gulu lawo la mumpingo la CYF ndi kwaya. Ndinawauza kuti a CYF ndi a kwaya ndi ana amene sanachoke, ine ndikunena za amene anachoka. Anavomera kandalama kochepa, kosakwana ngakhale shuga wa chaka. Koma kanalembedwa m'maminitsi, ndipo kwa ine chimenecho chinali kuikidwa manja.

Mtima wofuna kupita kutali sunafe. Ndikamva za madera a m'mphepete mwa nyanja kumene msewu sufika bwino, ngati Usisya ndi Ruarwe, kapena za abale athu a ku Niassa kutsidya, china chake chimagwedezeka m'kati. Alipo amene Mulungu amawatumadi kutali, ndipo mipingo ya Malawi iyenera kuyambanso kuwatuma ndi ndalama zake. Koma wachinyamata akabwera kwa ine maso akuwala, akuti waitanidwa ku mayiko, ndimamufunsa ngati akudziwa mayina a ana a nyumba yoyandikana nayo, ndi ngati angabwere Loweruka likubwerali kudzathandiza wa Fomu 1 masamu. Ambiri sabwera. Amene wabwera, n'kubweranso, n'kubweranso mvula ya Epulo ikugwa, ameneyo ndingamulembere kalata yomuchitira umboni kulikonse.

Mmodzi wotere ndi mtsikana amene analowa m'gulu ali Sitandade 8 ndipo pano akuphunzira ku Mzuni. Gulu la aang'ono, a zaka 13 ndi 14, tamusiyira iye. Amaphunzitsa m'Chitumbuka chosakaniza ndi chilankhulo cha pa foni chimene ine ndimangotolamo mawu apa ndi apo, ndipo ana amamumvera kuposa mmene amandimverera. Posachedwapa tinatsutsana. Ine lamulo langa lakhala lakuti mafoni onse alowe m'katoni tikamayamba Baibulo. Iye anati, "Ankolo, foni mukuilanda maola awiri, iwo amakhala nayo sabata yonse. Bwanji tiwaphunzitse kuigwiritsa ntchito tili nawo pompano?" Akufuna kuti mwezi uliwonse pakhale Loweruka limodzi loti ana atsegule mafoni awo pagulu, akambirane mauthenga amene amuna akuluakulu amatumizira atsikana, aone mmene makampani obetcha amakokera anthu, ndiponso awerengetsere limodzi ndalama zimene mnyamata wobetcha K500 tsiku lililonse amataya pa teremu. Ndinamuuza kuti makolo ena sadzakondwa kumva kuti kutchalitchi ana akutsegula mafoni. Anati ndiye tiyambe ndi makolowo.

Takonza zokumana nawo Lamulungu likubwerali tikatuluka m'mapemphero achiwiri. Iye adzafotokoza za mafoni, amayi a Umanyano adzakhala kutsogolo kuti agogo asaope kufunsa, ndipo ine andipatsa ntchito yotsegula ndi pemphero m'Chitumbuka ndi kubwereka mabenchi.